Kalata Yomata Imene Inandiyendetsa ku Limbe Kawiri

Ndinakhoma chitseko cha nyumba yanga ku Manja nthawi itangopitirira seveni koloko m'mawa, Lachisanu, tsiku langa lopuma. M'chikwama munali ambulera, kabuku ka mapemphero ndi kalata imodzi. Kalatayo inali yochitira umboni Fatsani, mnzanga wa kuntchito, amene akufuna malo a maphunziro a masitazi a zaumoyo wa anthu m'madera, pa sukulu ina ya ukachenjede m'tauni muno. Lamulo la sukuluyo ndi lakuti wochitira umboni alembe kalata, aidinditse chidindo cha kuntchito, amate envulopu, asaine pomatapo, ndipo akaipereke yekha. Wochitiridwa umboniyo saiwerenga. Tsiku lomaliza kulandira makalata linali lomwelo, folo koloko madzulo.

Ine ndine kiliniko ofesala, ngakhale odwala amangoti adokotala, ndipo ndinatopa nako kuwakonza. Pachipatala chathu chaching'ono ku Limbe timapita kusukulu mosinthana, mmodzimmodzi, kuti odwala asasowe wowaona. Timangoti mzere. Mzere unafika pa ine zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo kalata yondiitana kusukulu inabwera mwezi womwe mkazi wanga Esinati anayamba kudwala. Ndinasankha kukhala pambali pa bedi lake mpaka Mulungu anamutenga, ndipo sindinong'oneza bondo. Koma mzere sudikira namfedwa. Thandizo la fizi limene ndinkadalira lili ndi malire a zaka, ndipo imvi zanga zinawoloka malirewo kalekale. Tsopano mzere wafika pa Fatsani, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kusoka bala.

M'kalatamo ndinalemba kuti Fatsani amafika msanga pantchito, amavala modzilemekeza, ndipo ndi waulemu kwa odwala. Zonsezi ndi zoona. Inali mizere isanu.

Ndinatsetsereka wapansi mpaka pa siteji ya ku Chitawira. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe ankakuwa kuti, "Awiri otsala! Awiri otsala!" pamene mipando yopanda anthu inalipo isanu ndi umodzi. Ndinalipira K1,500 n'kukhala pawindo. Titadutsa Nkolokosa, bambo wina wa suti yotuwa anayamba kuuza minibasi yonse za mwana wake.

"Wanga uja akupanga masitazi pafoni. Sukulu ili kunja, iye ali chigonere pabedi ku Kanjedza konkuno."

Mayi wina wachikulire amene anafungata beseni la tomato anafunsa kuti, "Masitazi a chiyani?"

"A zachipatala."

"Iii! Ndiye jakisoniyo azidzabayanso pafoni pomwepo?"

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, ndipo ndinadzimva ndekha kuti kuseka kwanga kunali ndi mano. Mwana wa bambo uja sindimudziwa, sanandilakwire, koma ndinakondwa kuti wanyozedwa.

Ku Limbe ndinafika hafu pasiti eyiti. Chidindo cha pachipatala chimakhala m'kabati ya mayi Phiri, kalaliki wathu, ndipo kiyi amamumangirira pa nsonga ya chitenje. Analandira kalatayo, naiyang'ana kutsogolo, naitembenuza ngati akufuna ina kuseri.

"Basi yatha, a Matiki? Yafupika ngati pemphero la chakudya."

"Zoona sizifuna mawu ambiri," ndinayankha.

Anatsegula kabati n'kudinda. Ndinamata envulopu n'kusaina pomatapo. Ndikutuluka, Fatsani anasuzumira m'chipinda choonera odwala. Ndi munthu wamtali, wa ku Nsanje, woseka ndi nkhope yonse.

"Achikulire! Mwadzivutitsa pa tsiku lanu lopuma."

"Si kanthu. M'tauni ndinali ndi popita kale," ndinatero. Popitapo panalibe.

Anandipatsira mandasi awiri m'kapepala, n'kuyamba kundifotokozera ngati ndamufunsa. Poyamba ankaganiza za maphunziro a miliri, kenako a kayendetsedwe ka zipatala, koma wakhazikika pa zaumoyo wa m'madera. Chaka choyamba n'cha m'kalasi, chachiwiri n'cha kafukufuku, ndipo kafukufukuyo akufuna kudzachitira pachipatala chathu chomwechi. Mawu aliwonse ankandigwera ngati mchere pachilonda, chifukwa maphunziro amenewo ndi omwe aja a m'kalata yanga yakale, imene ikadali m'sutikesi pansi pa bedi.

"Ena amati ndikapemphe madokotala akuluakulu kuti andilembere," anatero. "Ine ndinati ayi, amene amandidziwa ndi a Matiki. Ngakhale ndisaiwerenge, mtima uli m'malo."

Ndinayang'ana mandasi aja. Odwala anali pamzere, choncho anabwerera m'chipinda.

Cha m'ma teni ndinakwera minibasi ya haiwe yopita m'tauni, K1,500 inanso. Tisanafike pa Maselema, mayi wina amene anakhala pampando woyang'anana nane anayamba kundiyang'anitsitsa. Anali ndi dengu la nthochi pamiyendo.

"Pepani bambo, si inu adokotala aja munatitseketsa chitsime nthawi ya kolera?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Mayo ine! Anthuni, bambo awa ndi amene anatipulumutsa kwathu kuja. Ana amangogwa ngati nkhuku zachitopa, ife n'kumati ufiti. Iwowa anangoyang'ana m'mabuku mwawo n'kunena kuti vuto ndi chitsime cha pansi pa mango. Titatseka, matenda zii! Mdzukulu wanga ali sitandade folo lero chifukwa cha iwowa."

Minibasi yonse inatembenukira kwa ine. Kondakitala anati, "Bigi, mukanatiuza tikanakuikani kutsogolo." Mayi uja anathyola nthochi zinayi n'kundipatsa ndi manja awiri.

Nkhani yake yeniyeni ndi iyi. Chitsimecho sindinachipeze ine. Fatsani ndi amene anang'amba katoni ya magolovesi, najambulapo njira za m'deralo, n'kumaika kadontho pa nyumba ya wodwala aliyense amene tinamulandira. Masiku atatu akaweruka ankapita kukayenda m'makwalala, kufunsa azimayi kumene amatunga madzi. Timadonthoto tinaunjikana mozungulira chitsime chimodzi. Pamsonkhano wa mafumu ndi anthu a m'deralo amene analankhula ndine, poti ndine wamkulu. Anthu anaomba m'manja. Fatsani anali kumbuyo, atagwira katoni ija, ndipo dzina lake sindinalitchule. Iye sanadandaulepo, ine n'kumayesa kuti nkhaniyo inatha.

M'minibasimo ndikanatha kunena kuti, "Mayi, si ine." Ndinangoti zikomo, n'kuika nthochizo m'chikwama, pamwamba pa envulopu.

Ndinatsika pa Ginnery Corner ileveni itakwana, n'kuyenda wapansi mpaka pageti la sukulu ija. Mlonda anandilozera ofesi, koma miyendo inandipititsa pa benchi ya pansi pa mtengo. Ophunzira ankadutsa ndi zikwama za malaputopu, ena atavala makhoti oyera. Ndinaona mayi wina wa msinkhu wanga akuthamangira m'kalasi, buku lili kukhwapa, ndipo ndinamuda popanda chifukwa. Ndinawerenga mawindo a nyumbayo n'kumaganiza kuti pa limodzi mwa amenewa ndikanakhala ine. Ndinamuona Fatsani m'maganizo atabwerako ndi gauni, anthu akumuitanira ku misonkhano ya m'mahotela, ine ndikadali m'chipinda chomwechija kufunsa odwala kuti mutuwo unayamba liti.

Ndinadziuza kuti sindinachite umboni wonama. Ndinadziuza katatu. Ndine mkulu wa mpingo, ndimadziwa pamene pali malire a bodza, ndipo kalata yanga inaima bwinobwino mkati mwa malirewo. Koma ndinakhalapo m'makomiti osankha anthu, ndipo ndikudziwa mmene kalata ya mizere isanu imawerengedwera. Wowerenga amati, ngati wamkulu wake wangoona nsapato zopolisha, ndiye kuti palibenso china choona. Envulopu inali yomata. Fatsani akanakanidwa, akanabwera kudzandithokozabe, n'kunena kuti sinali nthawi ya Mulungu. Ndipo mzere ukanamudutsa ngati mmene unandidutsira ine.

Njala inandigwira. Ndinasenda nthochi imodzi, ndipo ili m'kamwa ndinazindikira kuti ndikudya nthochi ya Fatsani. Esinati akanakhalapo sakanandikalipira. Iye ankangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, mwakhuta?" Ndinatulutsa envulopu ija n'kuing'amba pomwe panali siginecha yanga. Nthawi inali itakwana thwelofu.

Pafupi ndi siteji pali kashopu kotaipa ndi kusindikiza makalata. Ndinalemba pamanja masamba awiri, za katoni, za timadontho, za masiku atatu aja, ndiponso kuti amene anaomberedwa m'manja ndine koma ntchito inali yake. Mayi wotaipa anafika pakati n'kuima.

"Bambo, munthu mukumutamayu ndi wokwatira?"

"Ali ndi mkazi ndi ana awiri."

"Abwinoabwino amatha msanga ngati kaunjika wa Lolemba," anatero, n'kupitiriza kutaipa. Anandilipiritsa K2,000.

Kalata yatsopano inafunika chidindo chatsopano, ndipo chidindo chinali ku Limbe. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Ine amene ndasoka mitu ndi mawondo a anthu a kabaza osawerengeka, ndinapezeka ndakumbatira mnyamata wa jekete lachikasu ngati m'bale wanga. Anati K5,000, sindinanenerere.

"Madala, musandifinye choncho, ndikulephera kupuma!"

"Iwe yang'ana kutsogolo. Ukandigwetsa, wokusoka ndine ndemwe."

Tinafika kota pasiti wani, koma mayi Phiri anali atapita kukadya, kiyi ali pachitenje. Ndinadikira pa benchi ya odwala, pakati pa mayi wa mwana wotsokomola ndi bambo womangidwa bandeji kuphazi. Anabwera thu koloko. Anatenga masamba awiri aja, ndipo ulendo uno anawerenga mpaka pansi. Atatha anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Pemphero la chakudya lija lasanduka ulaliki?"

"Dindani, mayi, nthawi yatha."

Anadinda tsamba lililonse mwamphamvu. Fatsani anandipeza ndikumata envulopu, nkhope yake itagwa.

"Achikulire, kwagwanji? Akana kulandira?"

"Ayi. Ndinaiwala chinthu m'kalata."

"Chachikulu?"

"Katoni," ndinatero, n'kutuluka asanafunsenso.

Lachisanu masana haiwe siyenda. Minibasi inachedwa kudzaza, kenako inakwawa kuchokera pa Maselema, ndipo pa Chichiri inaimiratu. Wotchi inati twente pasiti fili. Pamenepo kamawu kena mumtima kanati, ukachedwa si mlandu wako, ndi wa msewu, iwe wayesetsa. Kamawuko kanali kokoma, ndipo ndinakamvetsera kwa mphindi ziwiri zathunthu. Kenako ndinagogoda denga.

"Nditsika pompano!"

Ndinayenda m'mbali mwa msewu, ambulera kukhwapa, thukuta lili kamukamu, ndikupitirira magalimoto a anthu olemera amene anangoima. Pageti mlonda uja anati, "Mwabweranso, bambo?" Ndinangokweza dzanja. Muofesi ndinalowa kutatsala mphindi khumi kuti folo ikwane.

Mlembi wa muofesimo, mayi wa magalasi ochindikala, anayang'ana siginecha ya pomata, nalemba dzina la Fatsani m'kaundula, n'kuponya envulopuyo m'bokosi momwe munali zinzake zambiri.

"Mwachita kuthamanga chonchi, ndi mwana wanu?"

"Ayi. Ndi mnzanga wa kuntchito." Ndinapukuta thukuta. "Ntchitoyi amandiposa."

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa panga, ndipo anawawa potuluka.

Mayiyo anafunsa ntchito yanga, ndipo nditamuuza anatsegula kabati n'kundipatsa kapepala kopinda patatu. Anati pali maphunziro ena a anthu apantchito, obwera sabata ziwiri kenako n'kubwerera kuntchito, ena a Loweruka lokhalokha, enanso a pa intaneti. Amenewo safuna kuti munthu achoke pantchito, ndipo safunsa zaka, kungoti fizi ndi yodzilipirira.

"Tili nawo a imvi kuposa inu," anatero.

Ndinathokoza n'kuika kapepalako m'kabuku ka mapemphero. Sindikudziwa ngati ndidzakatsegule. Mwana wanga Tadala akadali pasukulu, ndipo malipiro anga ndi omwe aja.

Pobwerera sindinakwere kanthu. Ndinadzera ku Naperi wapansi, pang'onopang'ono, dzuwa likupendeka, ndikudutsa mipanda ya maluwa ndi agalu ouwa kuseri kwa mageti. Ndikanakonda kulemba kuti nsanje inatsalira m'bokosi lija, koma ndinafika nayo ku Manja, ndipo inalowa m'nyumba ine ndisanavule nsapato. Chimene ndinaphunzira n'chakuti nsanje ya munthu wopemphera sinama. Imangosankha zoona zing'onozing'ono, n'kumata envulopu.

Mandasi aja ndinamwera tiyi. Nthochi zitatu zotsala ndinazisunga pamwamba pa kabati, ndipo Lolemba m'mawa, pamsonkhano wopatsirana ntchito, ndinaziika patebulo pamaso pa Fatsani, anamwino onse ndi mayi Phiri akuona.

"Izi n'zanu," ndinatero. "Zachokera kwa mayi wina wa kuchitsime kuja. Anapatsa munthu wolakwika, ndipo imodzi ndinadya."