Njerwa Zachikasu za M'mbali mwa Ngalande

Bambo anga atamwalira, abale awo anatenga nyumba yathu ya ku Chelstone, galimoto, ngakhale firiji. Sukulu yanga inathera pomwepo, ndili mu Giredi 10. Ine ndi amayi tinakapezeka m'chipinda chimodzi ku Chunga. Sindinawakhululukire anthu amenewo, ndipo musandifunse kuti ndidzatero liti.

Ntchito anandipezera ndi amayi. Mkulu wina wa mpingo wawo, Ba Tembo, anali kapitawo pa kampani yoyala mapeva, njerwa za simenti zija zoyendapo. Anandiyang'ana zikhatho, anapukusa mutu, kenako anati ndibwere Lolemba ndi jombo zangazanga.

Lusaka ilibe mtsinje, ili ndi ngalande. Ife tinkakonza njira ya oyenda pansi m'mbali mwa ngalande yaikulu yochokera m'tauni kulowera cha ku Kabwata, kuti anthu opita kukagula ziboliboli asamakanganirane msewu ndi maminibasi. Ngalandeyo ndi yakuya kupitirira msinkhu wa munthu, pansi pake ndi konkire.

Ntchito yake ndi ya mawondo. Umathira mchenga ndi wilibala, kuusalaza ndi thabwa, kukoka chingwe, kenako kuyala njerwa imodziimodzi ukuzikhoma ndi hamala ya mphira. Levulo, yoyezera ngati njerwa zakhala mofanana, isamachoke pambali pako. Ukamaliza umasesera mchenga wosalala m'mipata, makina otsendera n'kudutsa. Pakati pa njirayo pankapita mzere wa njerwa zachikasu za anthu osaona. Zinali za mitundu iwiri: za mizere ndi za timadontho totukuka. Ba Tembo anandiuza kamodzi kokha: "Za mizele ni 'yenda', za madoti ni 'imilila'." Ine ndinangovomera ndi mutu. Mumtima ndinkati ndi zokongoletsa chabe, zoti akuluakulu adzajambulitsepo zithunzi.

Lachisanu lina anandisiya ndekha pangodya pomwe njira imakhotera kukakwera kamlatho. Zitsulo zotchinga m'mphepete mwa ngalande anali asanawotcherere. Njerwa za madoti zinanditheranso, ndipo lole yochokera ku Heavy Industrial Area sinabwere. Ine kudikira sindikutha. Ndinatenga za mizere, poti nazonso ndi zachikasu, n'kuziyala molunjika mpaka pamlomo penipeni pa ngalande. Makina atadutsa ndinachotsa ndi tepi yofiira yomwe, kuti pazioneka pomalizika.

Cha m'ma folo koloko kunabwera bambo wina wovala jekete, ndodo yoyera ili m'manja. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi Ba Zulu, amayankha mafoni pa ofesi ina m'tauni ndipo amakhala ku Kabwata. Kuyambira pomwe gawo loyamba la njira linatsegulidwa, ankabwerera kwawo wapansi, okha. Ankayenda mofulumira ngati munthu woona, ndodo ikutsetsereka m'mizere yomwe ndinayala. Ine ndinali patali, ndikutsuka fosholo. Ndinawaona akufika pangodya, koma sanakhote.

Ndodo inagwa m'malere, phazi limodzi lili kale pamlomo. Anawapulumutsa ndi mayi wina wootcha chimanga pafupi ndi kamlatho, yemwe anawakoka jekete mpaka onse awiri anakhala pansi. Ndodo ija ndinaimva ikugunda konkire kunsi.

Ndinatsika kukaitenga. Pokwera ndinapeza anthu atazungulira, Ba Tembo ali pakati. Ba Zulu sanakalipe. Anagwada, anapapasa njerwa zija ndi zala, n'kufunsa kuti wayala apa ndani. Anzanga onse anayang'ana pansi. Ba Tembo ankayang'ana ine. Ndinavomera.

"Iwe mwana," anatero Ba Zulu, "njila yako yaniuza kuti niyende. Ine nilibe kwina kofunsa. Nimamvela vamene mwaika pansi apa."

Bola akanangondimenya. Mayi wa chimanga ndiye ananditukwana mokwanira, kuti anyamata a masiku ano mutu uli kumapazi, n'kuwaperekeza bamboyo mpaka kutsidya.

Ndinadziwa kuti ntchito yatha, ndipo ndinkaganiza kale za chomwe ndikawauze amayi, poti chakudya cha m'nyumba chinkachokera pa mawondo angawa. Koma Ba Tembo anandiuza ndivule jombo. Anandimanga kumaso nsalu yopukutira levulo, anandigwira lamba kumbuyo, n'kundiimika pa mzere wachikasu. Anati ndiyende. Mizere ija ndinkaimva bwinobwino kumapazi, ikundikoka kutsogolo. Ndinkadziwa kuti ngalande ilipo, koma palibe chinkandiuza kuti ili pati. Nditaponda kasanu ndi kawiri ndinaima. Anandikankha pang'ono. Ndinapondanso kawiri, lamba linandikoka mwamphamvu, ndipo atandimasula ndinapeza zala zanga zakuphazi zikusuzumira m'ngalande.

Sanalalikire. Anati ndizule zonse, nditseke ndi migolo iwiri ndi tepi. Iwo anakwera galimoto yawo kukatenga njerwa za madoti. Ba Tembo ndi a Sabata, Lachisanu dzuwa likamapendeka sagwiranso chida, koma tsikulo anagwada nane limodzi, iwo akuyala, ine ndikukhoma. Tinamaliza dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Akusamba m'manja anati, "Mande ubwele. Nilibe nthawi yophunzisa wina vamene waphunzila lelo."

Anthu ondichitira zabwino sindinakumane nawo ambiri, choncho amenewa ndimawakumbukira: Ba Tembo, mayi wa chimanga uja, ndi Ba Zulu, omwe Lolemba lake anadutsa pomwepo, anaima pa madoti, anakhota bwinobwino, n'kutipatsa moni.

Pano ndimayala m'mabwalo a nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga, nthawi zina m'misewu. Mtima wanga ukadali wapachala. Koma njerwa yoyenera ikatha sindiikapo yofanana nayo. Ndimagubuduza mgolo, kutseka njira, n'kukhala pansi kudikira lole, kaya bwana akalipe bwanji.