Zipewa Zinali M'manja

Kawiri pachaka, fodya akapachikidwa m'zigafa ndiponso mvula yoyamba isanagwe, a Yoswa Kamphinda amapalasa njinga kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Chezi kupita kukampu ya asilikali ili m'mapiri akuvuma. Anapuma usilikali zaka makumi awiri zapitazo ali sajeni, ndipo kumeneko sawaitanira mfuti. Amawaitanira manja awo.

Pansi pa mkuyu wa kuseri kwa makalasi pali bwalo laling'ono la mchenga, lotchingidwa ndi njerwa. Pamenepo a Yoswa amaumba dziko. Mapiri awiri amawaumba ndi dothi la pachulu, mtsinje amauyala ndi ulusi wabuluu, msewu amauthira ndi phulusa, njanji ndi mapesi awiri owazidwa bwino. Lole ndi bokosi la machesi. Asilikali amene akukonzekera kupita kunja kukasungitsa mtendere amaima mozungulira, mphunzitsi n'kumaloza ndi ndodo. Mapu a pakompyuta alipo, koma aphunzitsi anaona kuti chimene munthu wachiona ataweramira pansi sachedwa nacho kuchikumbukira zipolopolo zikayamba kulira.

Gulu lankhondo silikumbukira monga akumbukirira munthu. Munthu amasunga fungo, ludzu, chifuwa cha mnzake amene anakhala naye pafupi. Gulu lankhondo limasenda zonsezo ngati makoko a mtedza, n'kutsala ndi njere imodzi yoti inenedwe m'mawu ochepa ndi kubwerezedwa mpaka miyendo iidziwe yokha. Njere ya pabwalo la a Yoswa inali iyi: ukalowa mumsampha usaime, ponda mafuta. Phunziroli ndi loona, ndipo alipo amene ali moyo lero chifukwa cha ilo. Koma aphunzitsi ankalimaliza ndi mawu ena amene anafala m'kampu monse, mpaka kwa ophika: "Musachite za Chalera."

Nkhani yake, monga inalembedwa, inali yaifupi. M'chaka cha 1988 asilikali athu ankalondera njanji kutsidya kwa malire, m'dziko limene munali nkhondo. Tsiku lina lole inanyamula anthu khumi ndi anayi, madzi ndi ufa, kupita kwa anzawo olondera mlatho. Pokhota pakati pa mapiri awiri, dalaivala, Vinsenti Chalera wa ku Dzoole, anachita mantha n'kuimitsa galimoto. Adani anali m'tchire mbali zonse. Anafa asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo Vinsenti. Amene anapereka lipotilo ndi kopolo amene anakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala. Kopoloyo anali a Yoswa.

Anabadwira m'banja la mkulu wa mpingo, ndipo anaphunzira ku Mvera mpaka sitandade 8. Bambo awo ankaphunzitsa ulemu ndi kamtengo ka pichesi: mkulu sumupatsa chinthu ndi dzanja limodzi, pamanda suloza ndi chala, pamasamba a maliro umatsika njinga ndi kuvula chipewa. Analowa usilikali ali ndi zaka makumi awiri, atatopa ndi kusankha fodya wa eni ake. Atapuma anabwerera kwawo, namanga nyumba ya malata, nalima monga alima ena onse. Anthu amawadziwa kuti ndi munthu wosakweza mawu ndi wobweza khasu lobwereka atalinola. Chinthu chimodzi chokha amawanena nacho: pamaliro amafika mochedwa, ndipo amatulukira kudambo, osati kumsewu. Akazi awo, mayi Lidia, anasiya kalekale kufunsa. Amangodziwa kuti kalata ya kukampu ikabwera, bambo sadya bwino masiku awiri, ndipo akabwerako amasamba m'manja nthawi yaitali kuposa imene dothi limafuna.

Kwa zaka zonsezi anaumba dera lija mosalakwitsa. Ankadziwa mbali imene phiri linatsetsereka, pamene panali mlambe, pamene msewu unakumbika. Chinthu chimodzi sanachiikepo.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha anapeza mphunzitsi watsopano, Kaputeni Tikondwe Kasiya, mkazi wa ku Ntchisi wosakwana zaka makumi atatu ndi zisanu. Iye sanakhutire ndi tsamba limodzi limene aphunzitsi ankapatsirana. Anaitanitsa fayilo yonse yakale, ya mapepala ofiirira, n'kuiwerenga mpaka kumapeto, kumene kunali mndandanda wa amene anakatola mitembo.

M'mawa umenewo asilikali anasonkhana a Yoswa akumaliza phiri lachiwiri.

"A Sajeni, phirili chaka chatha silinali lalitali chonchi," anatero msilikali wina wamtali. "Mukulithira feteleza?"

"Likukula chifukwa silimwa, mosiyana ndi iwe," anayankha a Yoswa osadzutsa mutu, ndipo gulu linaseka.

Kaputeni anadikira kuti kuseka kuthe. Anafotokoza ulendo wa lole, nakankha bokosi la machesi ndi ndodo mpaka pokhota paja. Pamenepo aphunzitsi onse akale ankatchula dzina la dalaivala. Iye anatsitsa ndodo, natsegula fayilo.

"A Sajeni, mundithandize, ine kunalibe. Apa alemba kuti mwa asanu amene anafera kumbuyo kwa lole, anayi anapezeka zipewa zili m'manja, mfuti zili pakati pa miyendo. Ndayesa kuganiza. Munthu akamva kuti galimoto yaima pamalo oipa, amagwira mfuti. Nanga awa anavuliranji zipewa?"

Funsolo silinali lotchera munthu. Analifunsa monga afunsira munthu wophunzira akapeza nambala imene sikugwirizana ndi zinzake. A Yoswa akadatha kunena kuti kunali kotentha, ndipo palibe wamoyo amene akadawatsutsa. Anayang'ana manja awo, atamatidwa dothi lofiira mpaka m'zikhadabo. Kenaka anaimirira, mawondo akulira, napita pa mtengo wa keshya umene unali pafupi, nathyola kanthambi. Anabudula timasamba tisanu ndi kamodzi, natiyala modutsa msewu wa phulusa, kutsogolo kwa bokosi la machesi.

Palibe anafunsa tanthauzo lake. Kwathu kuno, nthambi zaziwisi zikayalidwa chopingasa pamsewu ndiye kuti pamudzipo pali maliro: wa galimoto amachepetsa liwiro ndi kuzimitsa wailesi, wa njinga amatsika, amuna amavula zipewa. Msilikali wamtali uja dzanja lake linali litafika kale pachipumi asanazindikire. Analitsitsa pang'onopang'ono.

"Zinali chonchi," anatero a Yoswa. "Nthambi zothyoledwa m'mawa womwewo, zoyalidwa bwino, monga timayalira ife. Chalera anaziona ali patali. Anati, 'A Kopolo, mudzi uli kuti? Maliro opanda mudzi?' Ndipo anaponda mafuta. Ine ndinamenya pa chitseko, ndinati, 'Iwe, unaleredwa ndi anthu kapena ndi mbuzi? Chepetsa!' Anati, 'Bwana, apa sipali bwino.' Ndinati, 'Ndikukulamula.' Ndinatulutsa mutu pawindo, ndinauza a kumbuyo kuti avule zipewa. Anavula. Anali ana omvera. Chalera anachepetsa mpaka lole inaima, ndipo mfuti zinayamba kulira."

Mphepo inasuntha kasamba kamodzi. Iwo anawerama, nakabwezera pamalo pake.

"Anthu a kutsidya kuja ndi abale athu, amaika maliro monga ife. Amene anabisala m'tchire ankatidziwa. Patatha masiku atatu, ndili m'chipatala, anandifunsa chifukwa chimene lole inaimira. Ndinaganiza za amayi a ana asanu aja. Chalera sakanayankha. Ndinati anachita mantha."

Kaputeni Kasiya sanawatonthoze ndipo sanawakalipire. Anatenga cholembera, nadula mzere umodzi pa tsamba lake, nalemba wina. Anauza gulu kuti phunziro la kusaima likhalabe, koma pamwamba pake pabwere ili: mdani amaphunzira zimene timalemekeza. Anawafunsa kuti atchule zina zimene zingawaimitse pamsewu wa dziko lachilendo: mayi wonyamula mwana wodwala, gulu la kwaya, nkhalamba yogwa ndi njinga. Anakambirana mpaka dzuwa linafika pamutu. Pasanathe tsiku, gulu lankhondo linali litasenda nkhani ija kachiwiri n'kupeza njere yabwino kuposa yoyamba. Anyamata ndi atsikana amenewo adzadziwa kuponda masamba a maliro osachepetsa liwiro, ndipo mwina adzabwerako amoyo. Chimene chimachoka mwa munthu akaphunzira zimenezo, fayilo ilibe tsamba lake.

Gulu litabalalika, kaputeni anatsala.

"Dzinalo ndalichotsa m'buku langa, a Sajeni, ndipo ndilembera akuluakulu. Koma lanenedwa ndi pakamwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndipo ku Dzoole ine sindilamula."

A Yoswa anapita ku Dzoole Lachisanu la sabata yomweyo. Kuyambira tsiku la maliro anali asanapondeko. Anapeza mayi Margareta, mkazi wa Vinsenti, atakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe akusankha mtedza wa mbewu. Anawazindikira a Yoswa asanatsike njinga.

"Alamu! Mudakali moyo? Ife tinkayesa njira ya kuno inamera minga."

Anawapatsa mpando, koma iwo anakhala pansi. Ananena zonse, monga ananenera pabwalo la mchenga, osachotsapo mawu a mbuzi aja. Manja a mayi Margareta sanaleke ntchito. Wabwino m'lichero, wofota pambali.

"Ndiye anakuuzani kuti sipali bwino," anatero pomaliza.

"Anandiuza kawiri."

"Ndi iyeyo. Munthu ankamva njoka m'denga tonse tili kuseka." Anapeta lichero kamodzi. "Mukudziwa kuti mmodzi mwa ana aja anali wa kuseri kwa phiri ili? Amalume ake anabwera pano ndi gulu, kudzatifunsa chimene tinamudyetsa mwamuna wamantha. Apongozi anga anasiya kupita kuchigayo masana. Anamwalira akupepesa anthu. Madalitso, mwana wathu, anzake kusukulu akamuona ankaima chilili n'kumanjenjemera dala. Ali ku Lilongwe, amalemba dzina la kwa ine. Ana ake sadziwa kuti ndi a Chalera."

"Ndabwera kuti mundichite chimene mufuna, alamu."

"Ndikuchiteni chiyani, inu nkhalamba ine nkhalamba? Ndikumenyeni ndi lichero?" Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso. "Mwanena kuseri kwa nkhokwe, kwa munthu mmodzi amene sanakhulupirirepo bodza lanulo. Ine simunandibere kanthu m'mtima. Munabera amene anakhulupirira."

Nkhuku inayandikira mtedza wofota, mayi Margareta anaiingitsa ndi chigongono.

"Lamulungu Misa ikatha, anthu amakhala panja kumva zolengeza," anapitiriza. "Abale a mwana uja amapemphera komweko, alongo ake awiri adakalipo. Ndikapempha akatekisiti akupatseni mpata. Mukaime, mukanene dzina lanu ndi la mudzi wanu, kenaka mukanene zimene mwanena apa. Sindikulonjezani kuti akakulandirani bwino. Nkhaniyi ikafika ku Chezi inu musanafikeko."

A Yoswa anaganiza za mayi Lidia, amene adzamve kwa anthu ngati sawauza okha madzulo ano. Za ana awo, amene amanyadira chithunzi cha yunifomu chili pakhoma. Za alongo awiri aja, amene nkhope zawo sazidziwa. Anaimirira, nagwira njinga.

"Misa imayamba nthawi yanji?"

"Imayamba eyiti. Koma inu mufike isanayambe," anatero mayi Margareta, maso ali pa lichero. "Mukakhale kutsogolo, akuoneni nthawi yonseyo."