Namzeze Wovala Mphete

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba tinkakhala ku Chelstone, nthawi ija sopo ndi shuga tinkachita kuimira pamzere. Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wa ku Luapula, wogulitsa tomato pamsika. Tinkabwerekana mchere ndi mbaula mpaka tsiku limene nkhuku zake zinandithera ndiwo m'dimba. Tinakangana, ndipo ine pakamwa sindichedwa, ndikuvomera.

Patapita masiku awiri namzeze anawomba zenera n'kugwera pakhonde. Nditamutola ndinaona kamphete kachitsulo kumwendo, kolembedwa manambala ndi timawu tachizungu. Mbalame kuvala mphete? Ndinathamangira kumpanda n'kukuwa kuti onse amve: “Mwanitumila kanyoni kuti mimba yanga ichoke!” Mayiyo anangolowa m'nyumba.

Amuna anga, omwe anali mphunzitsi, atabwera masana anayang'anitsitsa kampheteko n'kuseka mpaka misozi. “Iyi ni adilesi ya ku Ulaya,” anatero. Anakopera manambala aja, anaulutsa mbalameyo itatsitsimuka, kenako analemba kalata. Ine ndinakanabe kwamtuwagalu.

Yankho linafika patatha miyezi iwiri, kuchokera kwa anthu ofufuza za mbalame. Kampheteko anamuveka ali kamwana m'khola la ng'ombe, kudziko lina lozizira. Anamzeze amathawa chisanu chaka ndi chaka kubwera kuno, ndipo anthu a m'mayiko ambiri amauzana kumene awaona. Analemba kuti iwo kuteteza zisa kwawoko n'kopanda phindu ngati ife kuno tikutentha bango la m'madambo momwe mbalamezo zimagona. Anatithokoza ngati tachita chinthu chachikulu. Manyazi anandigwira, chifukwa miyezi yonseyo azimayi ankalambalala tomato wa mnzanga uja, ati ndi wa mfiti.

Sindinapite kunyumba kwake. Ndinanyoza pagulu, choncho ndinapita pamsika ndi chimimba changa, n'kuuza amuna anga kuti awerenge kalatayo mokweza. Atamaliza ndinagwada pafumbi pomwepo.

“Ba neba, nikhululukileni.”

Mayiyo anagwira m'chiuno. “Ine mfiti ya ku Ulaya? Na ku Kabulonga kwa mabwana, pafupi apa, sininafikeko!”

Msika wonse unafa nacho chiseko. Iye anandigwira mkono n'kundidzutsa. “Imani, muzabalila pa tomato yanga.”