A Breda ndi Sewero Nambala 41

A Breda Hession anabwera kudzatithandiza milungu iwiri yokha, n'kukhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ofesi ya gulu lathu la zisudzo inali pamwamba pa shopu ya nsapato mu Limerick muno, masitepe makumi atatu, ndipo aliyense wofika pamwamba ali wefuwefu ankawapeza akumuyang'ana pamwamba pa magalasi, ketulo ili m'manja. Foni ndi iwo, makalata ndi iwo, tiyi ndi iwo. Ine ndine Jarlath, wa magetsi. Amati ndimapsa mtima msanga, koma n'chifukwa choti ndimagwira ntchito ndi anthu a zisudzo.

Gulu lathu silichita masewero a anthu akufa. Timachita atsopano okhaokha, olembedwa ndi anthu a ku Ireland konkuno. Januwale aliyense masewero ankabwera papositi mpaka makumi asanu ndi atatu: a aphunzitsi, a alimi, a ansembe opuma ntchito amene akufuna kubwezera mabishopu awo. Lamulo linali limodzi, dzina la mlembi lisadziwike. A Breda ankachotsa tsamba loyamba, kuliika mu envulopu, kumata, n'kulemba nambala. Owerenga asanu tinkasankha masewero atatu, ndipo atatuwo ankawerengedwa pamaso pa anthu Loweruka masana, ochita zisudzo atakhala pamipando, mapepala ali m'manja. Envulopu inkatsegulidwa sewero likatha. Lorcan, mtsogoleri wathu, anayesapo kuwanyengerera a Breda ndi bokosi la chokoleti kuti amuuzeko dzina limodzi. Chokoleti anadya, dzina sanamuuze.

Chaka cha 1998 ndinatenga nambala 41 kukawerengera kunyumba. Tsamba loyamba, mwamuna akulowa m'khitchini, akukoloweka chipewa pachitseko, akuti: “Abwana, ketulo ija yaferanji?” Mkazi akuyankha: “Manja muli nawo awiri.”

Ndinaima chilili. Aa, si Mossie uyu! Mossie Hession, mwamuna wa a Breda, dalaivala wa basi ya ku Ennis, amene tinali titamuika m'manda zaka zitatu m'mbuyomo. Ndinamwa naye mowa zaka makumi awiri, ndipo mawu amenewa ndinawamva ndi makutu anga m'khitchini mwawo kosawerengeka.

Mawa lake ndinawapeza pamasitepe, atanyamula botolo la mkaka.

“A Breda, nambala 41.”

“Sindidziwa za nambala ine. Patuka ndidutse.”

“Ketulo ija yaferanji?”

Anaika botolo pasitepe, n'kuyang'ana kumwamba ngati kuli munthu. “Iwe Jarlath, ukangotsegula kamwa lakolo, ndikumangirira ndi mawaya ako omwewo.” Kenako anatsitsa mawu. “Nkhope ya a Mossie ndimaiona, zithunzi zilipo. Zimene ankanena ndimazikumbuka zonse. Koma mmene mawuwo ankamvekera ndaiwala. Ndimayesa kuwaitana m'mutumu, palibe. Ndikungofuna ndiwamve kamodzi akutuluka pakamwa pa mwamuna. Kamodzi kokha.”

Chisoni chinandigwira kwambiri, moti ndinanyamula botolo lija n'kuyamba kuwakalipira kuti masitepe si poikapo mkaka.

Tsiku losankha linafika. Asanu tinazungulira tebulo, a Breda ali pakona ndi kope lawo, chifukwa ntchito yolemba maganizo athu n'kuwatumiza kwa alembi inalinso yawo. Lorcan ananyamula nambala 41 ndi zala ziwiri ngati sokosi yonyowa.

“Masamba makumi anayi a tiyi,” anatero. “Palibe wophedwa, palibe wopita ku Amerika, palibe ngakhale wokangana ndi mchimwene wake za munda. Mlembiyu sanapondepo m'nyumba ya zisudzo chibadwire. Lembani zimenezo, a Breda.”

“Sanapondepo... chibadwire,” anabwereza a Breda, cholembera chikuyenda bwinobwino.

“Ndipo mkaziyu ndi wouma mtima. Mwamuna wabwino chonchi, iye kumangomuyankha zothina.”

“Wouma mtima ndiwe!” ndinakuwa. “Unakwatirapo iwe? Ukudziwa chiyani za m'khitchini, munthu wodyera m'mapepala a tchipisi?”

“Jarlath, iwe ntchito yako ndi mababu.”

“Eya, n'chifukwa chake ndimaona bwino kuposa iwe!”

Ndikanapitirira, koma a Breda anadzuka kudzandithirira tiyi, n'kundiponda phazi ndi chidendene mpaka misozi inalengeza. Mwamwayi Orla, mtsikana wathu wa zovala, anati sewerolo linamuliza m'basi anthu akuona. Wina wachitatu anavomera kuti tingomalizitsa nkhani, popeza anali ndi njala. Atatu kwa awiri, nambala 41 inadutsa. A Breda analemba zotsatira, n'kufunsa ngati pali wofuna bisiketi.

Mbali ya mwamuna Lorcan anaipereka kwa Turlough, chimunthu chamawu okoma koma wa ku Cork. Anthu a ku Cork salankhula, amaimba. Pokonzekera, a Breda ankangolowa ndi thireyi, kumva mzere umodzi, n'kutuluka nkhope itakwinyika ngati alawa mkaka wosasa. Ndiye Lorcan ali ndi nthenda yake, amakonda chete. Anauza mayi wotenga mbali ya mkazi kuti mwamuna akafunsa za ketulo, asayankhe msanga.

“Uwerenge mpaka zisanu mumtima. Anthu amve kulemera kwa banjali.”

“Kulemera kwa chiyani?” anandinong'oneza a Breda. “Ine kudikira mpaka zisanu? A Mossie akanaganiza kuti ndakomoka.”

Loweruka kunagwa mvula monga mwa masiku onse, ndipo anthu makumi asanu ndi limodzi anadzaza kaholo kathu, majasi akununkha chinyontho. Ine ndinali kumbuyo pa magetsi anga. Pafupi nane a Breda anali patebulo la tiyi, akundandalika makapu, atavala bulauzi yawo ya ku Misa. Anali atapereka msana kusiteji.

Ndinazimitsa magetsi a m'holo, n'kuyatsa a kutsogolo. Turlough anakhosomola, anachita ngati akukoloweka chipewa, n'kuimba muja aimbira kwawo:

“Abwana, ketulo ija yaferanji?”

Mayi uja anayamba kuwerenga mumtima. Imodzi. Ziwiri.

“Manja muli nawo awiri, a Mossie!”

Mawuwo anachokera kumbuyo, patebulo la tiyi, amphamvu ngati a munthu amene ali m'khitchini mwake. Mitu yonse inatembenuka. A Breda anali ataima, kapu ili m'manja, kukamwa yasa, ngati wawayankhira ndi wina. Mwamuna wa m'sewero dzina lake anali Tom. Mossie munalibemo.

Holo inaphulika ndi kuseka, ambiri akuganiza kuti ndi nzeru za Lorcan. Koma Lorcan, amene anali kutsogolo envulopu ili pamiyendo, sanaseke. Anayang'ana envulopu, anayang'ana a Breda, makutu ake n'kufiira ngati nyama ya nkhumba yowiritsa. Ndikuganiza ankakumbukira mawu aja akuti “chibadwire”. Ochita zisudzo anapitiriza, ndipo pofika tsamba lomaliza, pamene mkazi akutulutsa makapu awiri n'kubweza imodzi m'kabati, m'holo munali zii, mphuno zokha zikumveka.

Mwambo ndi mwambo, Lorcan anang'ambabe envulopu n'kuwerenga dzina. Anthu anaimirira kuomba m'manja. A Breda anawauza kuti akhale pansi, tiyi akuzizira.

Onse atapita ndinawapeza kusinki akutsuka.

“Ndiye mwawamva?” ndinafunsa.

“Wa ku Cork uja? Ayi ndithu! Sakufanana nawo n'pang'ono pomwe. A Mossie sankaimba. Ankayambira pansi, ngati injini ya basi m'mawa wozizira, n'kukwezera pa ‘yaferanji’ pokha.” Anaima, madzi akuyenderera m'manja mwawo. “Atangolakwitsa uja, ndinawamva eniake. M'khutu muno, bwinobwino, akunena mmene ankanenera. N'chifukwa chake ndinayankha.”

Anapukuta maso ndi msana wa dzanja, thovu la sopo n'kutsala patsaya. Ine ndinangoima ngati chipilala.

“Akadalimo?” ndinafunsa.

“Akadalimo. Khala chete ndiwamvere.” Anatseka mpopi, n'kukhala kaye choncho. Kenako anandiponyera nsalu yopukutira mbale. “Ndiye wangoima bwanji? Manja uli nawo awiri.”