Pulojekiti ya Pampu pa Dimba la Mayi Alufazema

Linali Lachiwiri loyamba la mwezi wa Meyi, cha m'ma naini koloko m'mawa, pamene mlamu wanga anandipeza ndikumata chubu cha njinga pamsika. Iye ankaphika pamalo ena ogona alendo. Anati kwafika mphunzitsi wa kuyunivesite ndi ophunzira ake, ndipo akufuna munthu wodziwa Chisena ndi Chingerezi. Ndinasamba m'manja n'kupita. Ngakhale ndinali ndi ana kale, imeneyi inali ntchito yanga yoyamba yolembedwa.

Mphunzitsiyo tinkangomutchula kuti a Dokotala. Ophunzira awo sanali ana. Anali ndi madigiri kale, ena mainjiniya, ena a makompyuta, ndipo ankaphunzira kuwerengera ngati makina atsopano angabweretse phindu munthu asanawagule. A Dokotala sanachulutse mawu. "Tili ndi pulojekiti ya pampu ya sola kwa Mlolo. Inu ntchito yanu ndi pakamwa basi."

Kwathu kuno mawu akuti pulojekiti ali ndi tanthauzo limodzi. Madzi akasefukira kumabwera magalimoto a mabungwe, amafunsa mafunso, ndipo pambuyo pake kumafika mbewu, mbuzi kapena mjigo. Nditauza anthu m'Chisena kuti kwabwera pulojekiti ya pampu, anamva zomwe inenso ndinamva. Amayi analulutira. A Dokotala anali pomwepo, akumwetulira.

M'mawa tinkapita kumadimba. Kuya kwa thamanda tinkayeza ndi chingwe chomangirira mwala, kukula kwa minda ndi tepi, ndipo ophunzira ankalemba malo ake pafoni. Ankaonanso pawotchi nthawi imene munthu amatha pothirira mzere umodzi ndi makeni. Kenako mafunso: mumakolola zochuluka bwanji, mumagulitsa kuti, njinga yopita kumsika imakudyerani zingati. Ine ndinkatanthauzira uku ndi uku. Masana ana asukulu akaweruka, tinkalowa m'kalasi ya pulayimale, ophunzira n'kutsegula malaputopu.

Sindibisa, a Dokotala aja ankadziwa kuphunzitsa. Ankafuna kuti aliyense apeze zaka zimene pampu ingabweze ndalama zogulira. "Kwacha ya lero siifanana ndi ya chaka chamawa," ankatero. Wina akasangalala ndi yankho lake, iwo ankamugwetsa. "Nanga tomato akatsika mtengo? Nanga madzi akakokolola masola? Bwerezanso." Chimene ankachibwereza tsiku lililonse chinali chakuti palibe chaulere. Ngakhale ola limene munthu wangokhala pansi lili ndi mtengo wake, chifukwa akanachita china. Ndinkakhala kumbuyo n'kumamvetsera, ndipo ndinkawalemekeza.

Wapampando wa gulu la alimi anali mayi Alufazema, amasiye olera adzukulu. Dimba lawo ndi limene linayandikira thamanda. Ophunzira anati masola ndi thanki ziyenera kukhala pamenepo, ndipo anakhoma zikhomo munda wonse, n'kukoka zingwe zosonyeza modutsa mapaipi. Mayiwo anavomera ndi mtima wonse.

Kwa amene sadziwa chigwa chathu, dimba silidikira munthu. Madzi a Shire akabwerera amasiya chinyontho, ndipo umabzala nthaka ikadali yonyowa. Ukachedwa, dzuwa la kuno limaumitsa pamwamba ngati njerwa. Chaka chimenecho mapira a kumtunda anali atapita ndi madzi, choncho chakudya chonse cha mayi Alufazema chinali m'dimba limenelo. Mbewu ya mbatata anali ataidula kale, ili pamthunzi, akuiwaza madzi.

Tsiku lina anandikokera pambali. "Mwananga, anzanga onse abzala. Ine nditani?"

Ndinakafunsa a Dokotala. Sanadzutse n'komwe mutu palaputopu. "Auzeni asakhudze chilichonse mpaka timalize."

Nditawauza, mayiwo anaseka. "Chabwino. Pampu ikabwera ndidzabzala ngakhale Okutobala."

Tsiku lomaliza, patatha masabata angapo, anthu anadzaza kalasi ija, ena akusuzumira pamawindo. Anagawa fanta ndi mabanzi. Ophunzira ankaimirira gulu ndi gulu kusonyeza zithunzi pakhoma, a Dokotala akulemba malikisi. Magulu onse anapeza kuti pampu ipindula. Ndinatanthauzira, anthu n'kuwomba m'manja.

Pamenepo mayi Alufazema anaimirira n'kukonza chitenje. Anafunsa kuti pampuyo ifika liti, popeza mbewu yawo yayamba kufota.

A Dokotala anayankha m'Chingerezi, akuyang'ana ine: "Auzeni kuti lipoti lipita kwa oyenera."

Ndisanatsegule pakamwa, wophunzira wina wamkazi, dzina lake Tadala, anandigwira malaya. Nkhope yake inali yamanyazi. "Bambo, simukudziwa? Kulibe pampu. Iyi ndi pulojekiti yathu ya m'kalasi, yopezera malikisi. Anzathu a chaka chatha anakachita kwina."

Ndinayandikira a Dokotala n'kufunsa motsitsa mawu ngati zinali zoona.

"Ine sindinalonjeze pampu," anatero. "Ndinati pulojekiti."

"Koma mukudziwa chimene mawu amenewo amatanthauza kuno."

"Nanga ndikanati ndi homuweki, akanabwera ndani? Tanthauzirani zimene ndanena."

Ankadziwa. Ichi n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Sikunali kusamvana kwa chinenero. Munthu amene ankakalipira wophunzira chifukwa choiwala mtengo wa mapaipi anatenga masabata a mayi wamasiye, nthawi yobzala, n'kuwaika paziro. M'malaputopu onse aja munalibe mzere wa mbatata imene sinabzalidwe.

Ndinatembenukira kwa anthu. Ndinanena m'Chisena, mwachidule, kuti alendowa anabwera kudzaphunzira, ndipo pampu kulibe. Mawu ake m'Chisena ndi amodzi: nkhabe.

Bambo wina kumbuyo anaika botolo lake pansi asanamalize kumwa, n'kutuluka. Wina anandiloza chala. "Iwe si mwana wa kuno? Watigulitsa ndi banzi?" Mayi Alufazema anayang'ana a Dokotala kwa nthawi, kenako anawomba m'manja pang'onopang'ono, monga timachitira polemekeza mlendo.

"Takhuta," anatero.

M'Chisena mawu amenewa ndi zikomo, ndipo mmene anawanenera, aliyense wa kuno anamva mpeni wake. Koma wophunzira wina, mnyamata wa m'tauni, anaseka. "Mwamva? Akuti akhuta mabanzi!" Anzake angapo anaseka naye. Sindinawawongolere. Ndinali nditatanthauzira zokwanira.

Panja a Dokotala anandiuza kuti ndawachititsa manyazi, ndipo chaka chamawa adzafuna womasulira wodziwa malire ake. Ndinati adzamupeza. Galimoto yawo inanyamuka dzuwa likadali pamwamba, kuthamangira msewu wa tala.

Ntchito yomasulira ndikuigwirabe. Kumabwera ofufuza, ophunzira ndi a mabungwe, ndipo ambiri ndi anthu oona mtima. Koma ndisanaime pamaso pa anthu akwathu, ndimafunsa mlendo funso limodzi: mukachoka kuno, chitsale n'chiyani? Akati palibe, ndimanena zomwezo kwa anthu poyamba penipeni, kuti wofuna kukhala akhale, wofuna kupita kumunda apite. Ena amakwiya nane. Mlendo amakwera galimoto, koma ine mawa lake ndimakumana ndi anthu omwewo pamjigo ndi pamaliro.

M'mawa mwa tsiku lotsatira a Dokotala aja atachoka, ndinatenga khasu ndi makeni awiri n'kupita kudimba. Ndinapeza mayi Alufazema afika kale, akusankha mbewu imene inali ikadali yobiriwira. Yambiri inali itauma. Sanandipatse moni wautali. Ndinakumba dzenje loyamba, nthaka ili gwa, ndipo chinyontho ndinachipeza mkono utalowa mpaka pachigongono.

"Kumba ndithu," anatero. "Ine nditunga madzi."