Tsiku Limene Pulogalamu Yanga Inakana Kulowa mu Seva

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa azakhali anga, amene ankagulitsa nsalu ku Area 2. Pamwamba pa shopu yawo panali kaofesi ka a Mussa, bambo osalankhulalankhula amene ankasamalira makompyuta a zipatala zing'onozing'ono. Azakhali atawauza kuti ndinamaliza maphunziro koma ndikungokhala, iwo anangoti, "Abwere mawa tiwaone."

Chipatala china cha ku Area 9 chinkatumiza magazi a odwala ku labu ya ku City Centre, ndipo zotsatira zake zinkasungidwa pa seva, kompyuta yaikulu ya labuyo. Kuti azione, anamwino ankalemba pa kompyuta malamulo ataliatali oiuza chochita, amene ankawaiwala tsiku ndi tsiku. A Mussa anandiuza kuti ndiwapeputsire ntchitoyo.

Ndinalemba kapulogalamu m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, kodutsira pa SSH, njira yotetezeka yolowera mu kompyuta yakutali. Kankafunsa dzina ndi pasiwedi basi. Kasanatumize pasiwediyo, kankayamba kaona kiyi ya seva, chizindikiro chotsimikizira kuti ukulankhula ndi kompyuta yeniyeniyo osati ya wakuba. Chilichonse chikavuta, kankangolemba kuti "Zakanika."

Kanayenda bwino milungu itatu. Lolemba lina m'mawa, a Mussa ali ku Capital Hill pa ntchito ina, anandiimbira a Sisita Phiri, namwino wamkulu wa pachipatalapo.

"Achemwali, chinthu chanu chija chakana. Ndili ndi mwana wotentha thupi pano, ndipo adokotala akudikira zotsatira zake."

Ndinakwera njinga yamoto nthawi yomweyo. Nditafika ndinapeza mayi wa mwanayo ali pabenchi, akumupukuta ndi kansalu konyowa. Ndinaona netiweki, inali bwino. Pasiwedi inali yolondola. Nditatsegula pulogalamu yanga ndi kuiyendetsa mzere ndi mzere, ndinapeza vuto: kiyi ya seva inali itasintha. Kufufuta mzere umodzi wokha woona kiyiwo kukanatsegula zonse nthawi yomweyo. Chala changa chinali kale pabatani, koma ndinayamba ndaimbira a Mussa.

"Musafufute," anatero. "Mukudziwa bwanji kuti amene akuyankha ukoyo ndi labu? Aimbireni."

Ndinaimba. Bambo wa ku labu anati disiki yosungira zinthu mu seva inapsa Loweruka magetsi atabwera mwamphamvu, ndiye anaika ina, zimene zinasinthanso kiyi, n'kuiwala kutidziwitsa. Ndinawapempha andiwerengere kiyi yatsopanoyo. Ankatchula chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulondola ndi chala pa sikirini, a Sisita ataima kumbuyo kwanga. Zilembo zonse zinafanana.

Ndinasunga kiyiyo, a Sisita analemba pasiwedi, zotsatira n'kutulukira. Anazisindikiza n'kuthamanga nazo kwa adokotala. Ine ndinakhala kaye pampando, kenako ndinayamba kuseka ndekha.

Masana ake ndinkaganiza kuti a Mussa andikalipira. Iwo anandithirira tiyi nati, "Pulogalamu yanu inachita bwino kukana. Inalakwa posanena chifukwa."

Mlungu womwewo ndinalembanso mauthenga ake onse, kuti azinena chimene chavuta ndi munthu woyenera kumuimbira. Mpaka lero, ndikamalemba uthenga wa vuto, sindiganiza za mnzanga wodziwa makompyuta. Ndimaganiza za namwino amene ali ndi mwana wodwala pakhomo ndipo alibe mphindi yotaya.