Mashokapu a Ulendo wa Amjomba

Galimoto imene ndinkanyamulira nsomba zaka zimenezo inali yakale, yotsekula kumbuyo, ndipo ndinaigula itatopa kale. Ndinkagula usipa wouma ndi utaka pa Nkope, kumene ndinkakhala, n'kukagulitsa m'tauni ya Mangochi kapena kukwera nazo mapiri mpaka ku Namwera. M'mudzi mwathu galimoto inali yokhayo, ndiye odwala inkanyamula, maliro inkanyamulanso. Munthu sukana mnzako akagogoda ali ndi mwana wokomoka m'manja.

Nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, amalume a mkazi wanga anatulukira pakhomo pathu. Tonse tinkawaitana amjomba, monga timanenera kwathu kuno. Anabwera ndi akazi awo, ndiponso mtengwa wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, ali ndi ana aang'onoang'ono. Mwana wamwamunayo sanali nawo. Titafunsa, amjomba anangoti, "Anatsala," ndipo mmene anayankhulira tinadziwa kuti si zofunsanso. Ku kampu ya othawa nkhondo anakana kupitako. Anati munthu amene ali ndi mwana wa mlongo wake sagona mu tenti. Tinawapatsa kanyumba kamene ndinkasungiramo nsomba, poganiza kuti ndi za miyezi yochepa. Zinapita zaka.

Sanali anthu ovuta ayi. Amjomba ankalima chinangwa ndi kusoka maukonde a eni ake, akazi awo ankathandiza kuyanika usipa pathandala. Koma pakhomo podzaza pamatopetsa ngakhale muzikondana. Nkhuni zosakwana, malungo a ana osatha, azimayi kunyanyalitsana chifukwa cha ndowa. Ine ndinkadzuka m'mawa ndili wotopa kale, ngati ndagona ndikupalasa bwato.

Mashokapu akutsogolo a galimoto ija anali atatha kalekale. Zimenezi ndi zitsulo zokhala ndi mafuta m'kati, zimene zimagwira galimoto kuti isamadumphedumphe ikamenya dzenje. Anga mafuta anali atatayikiramo onse. Potsika mapiri a ku Namwera, kutsogolo kwa galimoto kunkawerama ndi kudzuka ngati bwato pa mwera, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Matayala ankadyeka mbali imodzi, msana wanga unkawawa, ndipo usipa unkafika pamsika utaduka mitu, azimayi ogula n'kumandifunsa ngati ndabweretsa nsomba kapena ufa. Ndinkangoti ndikonza mwezi wamawa.

Kenaka wailesi inalengeza kuti kwawo nkhondo yatha. Dzinja litangodutsa, amjomba anayamba kundipempha kuti ndiwaperekeze, akaone kwawo.

"Apongozi, mukangonditula pamalire pa Chiponde basi. Kwinako ndiyenda ndekha."

"Amjomba, msewu waonongeka ndi mvula. Ndi mashokapu amenewa sitikafika."

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma m'mawa uliwonse ankapita pagalimoto, n'kukanikiza kutsogolo ndi manja onse, n'kuisiya ikudumpha yokha. Akatero ankandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ikadavinabe?" Mapeto ake ndinatopa nalo funsolo, ndinakagula mashokapu m'tauni.

Ntchito tinaiyamba Lachisanu m'mawa pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba. Ndinatsekera matayala akumbuyo ndi miyala, n'kukweza kutsogolo ndi jeke, n'kulowetsa chitsa pansi kuti jeke ikaphonya galimoto ikhale ndi potsamira. Amjomba anadzipereka kundithandiza. Anali mlimi, sanagwirepo sipanala chibadwire, koma kuwakaniza kukanakhala kuwanyoza.

Mbali ya kumanja inativuta pang'ono chabe. Nati ya pamwamba inkazungulira limodzi ndi ndodo ya shokapuyo, ndiye ndinawapatsa pulayala kuti agwire ndodoyo ine ndikumasula. Inkawapulumuka pafupipafupi, chifukwa pakamwa sipankapuma. Ankandiuza za chitsime cha kwawo chimene sichiphwa, za mango awo opanda ulusi, za dimba la mpunga kumunsi kwa mudzi. Zonsezi ndinali nditazimva zaka zonse zija mpaka kuziloweza. Ndinkangovomera, "Eya, amjomba. Gwirani zolimba, amjomba." Shokapu yakale itatuluka ndinaikanikiza ndi dzanja limodzi, inangolowa yonse osabwerera. Yatsopano inalowa bwino, ndinamanga, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tithana nazo dzuwa lisanafike pamutu.

Kumanzere ndiye kunali mavuto. Bawuti ya pansi inali itagwirana ndi dzimbiri ngati chitsulo chimodzi. Ndinathira palafini, ndinamenya ndi hamala, ndinalowetsa paipi ku sipanala kuti ndipeze mphamvu. Sipanala inaterereka, zala zanga n'kukamenya chitsulo, khungu n'kusupuka. Bawuti ili phee. Thukuta linkalowa m'maso, dzimbiri likugwera m'kamwa.

Nthawi ya swala itayandikira, amjomba anakasamba, n'kuvala mkanjo wawo woyera.

"Tiyeni kumzikiti, apongozi. Chitsulo sichithawa."

"Tsogolani, ndithireko palafini wina, ndikupezani."

Ndinathiradi palafiniyo, ndipo ndinati ndidikire pang'ono kuti alowerere. Ndinali chigonere chagada pa chiguduli pansi pa galimoto, miyendo ili kunja. Munali mthunzi, munali zii, munalibe mwana wolira kapena munthu wondiitana. Sindikumbukira kuti ndinatseka maso nthawi yanji. Ndili m'tulo, jeke inamira pang'onopang'ono mumchenga, galimoto n'kupendekeka mpaka kutsamira pa chitsa chija. Ine sinandikhudze, ndipo sindinamve kanthu.

Chimene chinandidzutsa ndi mfuu, ndi manja amene anandigwira mu akakolo n'kundikoka mwamphamvu moti mutu unagunda chitsulo. Ndinapezeka ndili padzuwa, amjomba atagwada pambali panga, akundipapasa pachifuwa ndi kumaso, akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Azimayi anathamanga kuchokera kuthandala, manja ali mamba okhaokha.

"Ndili bwino, amjomba, ndinangogona tulo!"

Sankandimva. Ankangondigwira. Mkazi wanga ataona kuti ndilibe bala kupatula zala zija, anayamba kundikalipira chifukwa chogona pansi pa galimoto, kenaka anayang'ana nkhope ya amalume ake n'kusiya. Anawabweza azimayi anzake ndi ana, tinatsala awiri.

Amjomba anakhala pansi mumchenga, mkanjo wa Lachisanu uli ndi oilo m'mawondo. Atayamba kuyankhula, ankayang'ana galimoto, osati ine.

"Mwana wanga ndinamupeza chonchi," anatero.

Anandiuza kuti mwanayo ankagwira ntchito pa lole yonyamula chimanga. Tsiku lina anthu a mfuti anaitchingira pamsewu pafupi ndi mudzi wawo, mudzi wonse n'kuthawira kutchire. Kutacha, iwo anabwerera okha kumsewu. Anapeza lole itapsa, ndipo pansi pake panatulukira miyendo. Anamuzindikira ndi nkhwaira zimene anamusokera okha. Anamukoka mu akakolo, n'kumukokera patchire, n'kukumba ndi khasu limene anatola m'munda wa eni.

"Dzenje losafika ngakhale m'chiuno, apongozi. Osamusambitsa, opanda nsalu, opanda womupempherera. Ndinkamva mfuti kutsidya kwa dambo. Amayi ake ndi mkazi wake akudziwa kuti anamwalira, koma ndinawauza kuti ndinamuika bwino."

Zaka zonse zija ndinkayesa kuti mkuluyu akulirira chitsime ndi mango. Ndinangoti, "Pepani, amjomba," mawu ochepa zedi, ndipo iwo anagwedeza mutu.

Patapita kanthawi ndinadzuka, n'kuyala thabwa pansi pa jeke kuti isamirenso, n'kukwezanso galimoto. Bawuti ija palafini sanaithe. Ndinakabwereka sowo yodulira zitsulo kwa mnzanga wokonza mainjini a maboti, ndipo ndinaidula nditagona chammbali, malo opanikiza moti sowo inkangoyenda pang'onopang'ono. Mkono unkachita dzanzi, ndinkapuma, n'kuyambiranso. Amjomba sanachoke. Anakhala pafupi ndi mapazi anga, dzanja lili pa tayala, ndipo nthawi iliyonse sowo ikasiya kulira ankaitana, "Apongozi?" ine n'kuyankha, "Ndilipo." Bawuti inaduka dzuwa litapendeka. Ina yolowa m'malo mwake tinaipeza m'mawa mwake kwa mnzanga yemwe uja.

Titatsitsa galimoto, amjomba anakanikiza kutsogolo. Inatsika, n'kudzuka kamodzi, n'kuima. Sananene nthabwala iliyonse. Anangopita kukauza akazi awo kuti awakonzere kamba wa paulendo.

Tinanyamuka sabata yotsatira. M'thumba mwa amjomba munali nsalu yoyera yatsopano, ndipo khasu analimanga pambali. Tinawoloka Shire pa mlatho, n'kuyamba kukwera mapiri. Galimoto inkayenda mwaulemu ngati si ija. Pamalire anatsika, n'kusenza thumba, n'kundiuza kuti ndisadikire. Ndinawaona akuyenda pakati pa anthu ena osenza mitolo mpaka mutu wawo unasowa.

Anabwerako patapita masabata angapo, atakwera matola, ataonda, mapazi atatupa. Atapuma ndinawapeza akusoka ukonde paokha, n'kuwafunsa za manda a mwana wawo.

"Sindinapapeze," anatero. "Malole opsa ndi ambiri mumsewu umene uja, onse ofanana. Udzu watalika kuposa munthu. Anthu a kumeneko anandiletsa kupatuka, akuti m'tchiremo anakwiriramo mabomba, wina anaduka mwendo mwezi womwewu. Ndinangoima pamsewu pamene mtima unandiuza, n'kupemphera."

"Nanga nsalu ija?"

"Ndinaisiya kumzikiti wa kumeneko. Osowa nsalu alipo ambiri."

Chaka chotsatira, atakolola chinangwa, iwo ndi akazi awo anabwerera kwawo kukamanganso. Mtengwa anatsala nafe chifukwa ana anali atayamba sukulu, ndipo pambuyo pake anakwatiwa ndi msodzi wa ku Chembe. Amjomba sanakhalitse. Uthenga wa imfa yawo unatipeza ndi munthu wogula nsomba, maliro ataikidwa kale. Mkazi wanga anaphika mpunga wa sadaka, tinaitana a sheikh ndi anansi, ndipo tinawapempherera pakhonde pathu, iwo pamodzi ndi mwana wawo.